Pepala la inshuwalansi limathera pa Marka, msewu ukupitirira

Mphwanga amayendetsa njinga yamoto imene ndidagula ine, ndipo malo ake oimikira ndi pa boma pa Nsanje. Tsiku lina adandiuza monyadira kuti adanyamula mayi wina wopita kumaliro, kuchoka pa boma mpaka Marka, ndipo atafika pamenepo mayiyo adamupempha kuti angomufikitsa ku Vila Nova da Fronteira. Adapita, adabwerako bwino, ndalama adapeza yabwino. Ndidamufunsa kuti, "Nanga ukanamugwetsa tsidya ilo, akanalipira ndani?" Iye adatulutsa pepala la inshuwalansi m'thumba nati, "Malume, si ili?" Kwa iye msewu ndi womwewo, Chisena ndi chomwecho, ndipo achibale a agogo ake ali mbali zonse ziwiri. Zonsezo n'zoona. Koma pepala lija silidziwa chibale. Lidalembedwa kuti ligwire ntchito m'Malawi, ndipo ukangodutsa chipata cha Marka limasanduka pepala wamba lokulungira mtedza.

Tiyambe ndi za kwathu. Lamulo la pamsewu la 1997 limakakamiza aliyense woyendetsa galimoto kapena njinga yamoto kukhala ndi inshuwalansi ya third party. Ambiri amaigula chifukwa choopa apolisi a pamsewu pa Thabwa kapena pa Bangula, osadziwa chimene agula. Pa mgwirizanowu woyamba ndi inuyo, wachiwiri ndi kampani, ndipo wachitatu ndi munthu amene mwamulakwira: mwana amene mwamugunda pa msika wa Dyeratu, mwini ngolo imene mwaithyola, mwini ng'ombe imene mwaipundula ku Ngabu. Kampani imalipira iwowo. Mwendo wanu ukathyoka, third party ilibe nawo ntchito. Foloko ya njinga ikapindika, mukonzetsa nokha. Ndamva anyamata ambiri akutukwana kuti makampani ndi akuba, koma ukafunsitsa umapeza kuti ankayembekezera chinthu chimene sadagule n'komwe.

Msampha weniweni uli pa wokwera kumbuyo. Pogula, amakufunsani kuti njingayo ndi yoyendera nokha kapena ndi ya bizinesi. Yoyendera nokha ndi yotsika mtengo, ndiye munthu amayankha msanga kuti, "Ndi yopitira kumunda basi." Mawa lake ali pa siteji akuitanira anthu. Ngozi ikachitika, lipoti la apolisi n'kunena kuti wovulalayo adalipira kabaza, kampani imakhala ndi pothawira, ndipo mlandu wonse umagwera mwini njinga. Wogulitsa akuonetseni ndi chala mzere umene ukunena za wokwera wolipira, osangoti "zonse zili momwemo, bwana." Akuonetseninso malire a ndalama zimene kampani ingalipire, chifukwa khoti likagamula chipukuta misozi choposa malirewo, zotsalazo zimachokera m'khola lanu la mbuzi. Ndipo woyendetsa akakhala wopanda laisensi ya njinga yamoto, ya A1 kapena A, mwawapatsanso chifukwa china chokanira.

Tsidya ilo lamulo silisiyana kwenikweni ndi lathu. Mozambique idakhazikitsa inshuwalansi yokakamiza ya pamsewu mu 2003, ndipo makampani amayang'aniridwa ndi bungwe la boma la konko monga mmene kwathu kuno amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi. Kampani yawo yakale ndi EMOSE, imene boma lidakhazikitsa mu 1977. Palinso ena monga Hollard. Mlendo wolowa ndi galimoto kapena njinga yamoto ya nambala yakunja amayenera kugula seguro, kutanthauza inshuwalansi ya konko, imene nthawi zambiri imakhala ya masiku 30. Amene mudadutsapo pa Zóbuè popita ku Tete mudawaona ogulitsa ake atakhala pachipata pomwepo. Kwa dalaivala wa thiraki wopita ku Beira zimenezi n'zazing'ono. Kwa mnyamata wa kabaza amene akungofikitsa munthu pamudzi woyandikana n'kubwerera dzuwa lisanapendeke, kugula pepala la mwezi wathunthu kumaoneka ngati misala. N'chifukwa chake ambiri amangodutsa chonchi, kudalira kuti tonse ndife amodzi. Timakhaladi amodzi mpaka tsiku limene magazi atuluka. Pamenepo wapolisi wa ku Mutarara amafuna livrete, chikalata cha kalembera wa njinga, ndi seguro, ndipo amazifuna m'Chipwitikizi.

Wina anena kuti kuli Yellow Card. Ilipodi, ndipo ndi chinthu chabwino: khadi la COMESA limene lakhala likugwira ntchito kuyambira mu 1987, lomwe mumagula kwanu n'kukakutetezani m'maiko ena. Ndi khadi limeneli munthu angachoke ku Lilongwe kukafika ku Chipata, kapena kudutsa pa Songwe kupita ku Mbeya, ngakhale kukafika ku Kampala. Koma Mozambique idachoka mu COMESA mu 1997, ndipo pachipata chake amafunabe seguro yawo. Ndiye taonani zoseketsa zake: khadi lokufikitsani ku Uganda likulephera kukufikitsani kumudzi umene utsi wake mukuuona muli pakhonde ku Ndamera. Wa ku Mchinji ndi wa ku Karonga ali ndi mwayi umene ife a m'chigwa tilibe, pomwe ifeyo ndi amene tazunguliridwa ndi dziko lina kum'mawa, kumwera ndi kumadzulo komwe.

Pali vuto lina limene limayambira pogula njingayo. Njinga zambiri zimene zikuyenda kuno, za Lifo ndi zinzake, zidalowa kuchokera ku Mozambique chifukwa kumeneko mtengo wake unkapepukirapo. Zina zidadutsa pachipata, zambiri zidadzera m'tinjira ta m'chimanga kapena pa bwato. Njinga yosalipira msonkho ku MRA siyingalandire nambala ku Road Traffic, ndipo yopanda nambala kampani ilemba chiyani papepala? Ndiye mnyamata amene adaganiza kuti wapulumutsa ndalama ali ndi njinga yosadziwika ku Malawi, yosadziwikanso bwino ku Mozambique. Akagunda munthu, nkhani imathera kwa mfumu, chipepeso chikhala mbuzi, ndipo wovulalayo akatumizidwa ku Queens ku Blantyre abale ake amagulitsa mapira kuti apeze thiransipoti ya womudikirira.

Za comprehensive ndiye ndakhala ndikusinkhasinkha nthawi yaitali. Imeneyi imalipira ndi njinga yanu yomwe, ikawonongeka, ikapsa kapena ikabedwa. Pakati pake pali ina ya third party yophatikiza moto ndi kuba. Wa mumzinda akamva comprehensive amaganiza za kugundana ndi minibasi. Ife tiganize za madzi. Tidaona 2015, tidaona Idai mu 2019, Ana mu Januwale 2022, ndi Freddy mu Malichi 2023. Injini imene yagona m'matope masiku atatu siyikhalanso injini. Choncho funso loyamba kwa wogulitsa likhale loti kodi madzi osefukira alimo, ndipo alembedwa pati. Funso lachiwiri ndi lathu lokha, palibe wa ku Lilongwe angalikumbuke: chichokereni pamene madzi adadula njira ya ku Chiromo mu 1997, wochokera ku Bangula kupita ku Makhanga amakweza njinga m'boti pa Mtayamoyo. Botilo likapendekeka, njinga n'kumira, imeneyo ndi ngozi ya pamsewu kapena ayi? Funsani mukadali pamtunda.

Mtengo umene mwalembetsa nawonso umafuna diso. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene adasiya mtengo wakale papepala, njinga ikabedwa lero alandira ndalama zosakwana kugula ngakhale yakale yofuka utsi, ndipo pa ndalamazo achotsaponso excess, gawo limene mwini amasenza yekha pa ngozi iliyonse. Maganizo anga ndi awa: njinga yatsopano, makamaka yogula pa ngongole ya banki m'khonde, ikufunika comprehensive. Yokalamba, imene mudabweza kale ndalama zake, third party ya bizinesi ndi yokwanira, ndipo zotsalazo muzisunga pa gulu.

Ku Zambia zinthu n'zofanana ndi kwathu, third party ndi yokakamiza, palibe chachilendo choti ndichedwe nacho. Tanzania ndiye idachita chinthu chimodzi chimene ndimasirira. Bungwe lawo loyang'anira za inshuwalansi la TIRA lidaika zonse pa kompyuta, moti wokwera bodaboda, kabaza wa kumeneko, angathe kulemba nambala ya njinga pa foni n'kuona ngati ili ndi inshuwalansi yeniyeni. Pepala labodza kumeneko silikhalitsa. Wokwera kabaza wa pa Nchalo akanakhala ndi mphamvu imeneyi, anyamata akanathamangira okha kukagula, popanda wapolisi kuwathamangitsa.

Anzathu amene ali ku Joni, ena mwa iwo akuyendetsa njinga zoperekera zakudya m'makomo, amanena za njira ina. South Africa siyikakamiza munthu kugula third party. M'malo mwake, pa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo pamachoka ndalama yoposa marandi awiri kupita ku Road Accident Fund, thumba lolipira ovulala ndi mabanja a omwalira pa ngozi. Silikonza galimoto ya munthu, lili ndi ngongole zambiri, ndipo anthu amadikira zaka kuti alandire. Komabe nzeru yake ndi yakuthwa: aliyense wothira mafuta walipira kale, kaya ali ndi nambala kaya alibe. Botswana ndi Namibia ali ndi matumba ofanana nalo. Ndidayamba kuganiza kuti njira imeneyi ndiyo ikanatiyenera ife, popeza kale timalipira ndalama yokonzera misewu kudzera m'mafuta. Kenako ndidakumbukira kumene mphwanga amathira mafuta akasowa pa filling station: m'mabotolo a m'mbali mwa msewu, ochokera m'zigubu zimene zaoloka malire usiku. Ndalama ya lita imeneyo idatsala tsidya ilo.

Ine ndi mphwanga tidakhala pansi pa mtengo wa nimu n'kuwerengera. Pepala tidalisintha kukhala la bizinesi, ndipo mzere wa wokwera wolipira ndidauwerenga ndekha kawiri. Za madzi tidagwirizana kuti mvula ikalimba, njinga izikagona kwa azakhali ake kumtunda ku Chididi. Za malire, maulendo ake a tsidya ilo sakwana ngakhale atatu pamwezi, ndiye seguro ya masiku 30 ikanadya phindu lonse. Tsopano akanyamula wa ku Vila Nova amamutsitsa pa Marka, n'kuimbira mnzake wa nambala ya Mozambique kuti amulandire. Mnzakeyo akabwera ndi wopita kuchipatala pa boma, nayenso amamusiya pomwepo. Mphwanga amadandaulabe kuti theka la ndalama likudyedwa ndi wina, ndipo sabata yatha ndidamva kuti adaolokanso ndi thumba la nyemba, akuti poti nyemba sizisuma.