Fulashi yakumaso yatikwana

Kodi ojambula zithunzi pa ukwati enanu, fulashi munaigula kuti muzitithobwa nayo m'maso? Mkwatibwi akungolowa kumene, inu phaa! kumaso. Chithunzi chikatuluka, diresi loyera lija langoti mbuu, maluwa onse osokedwa aja osaoneka, chipumi chili nyezinyezi, maso psuu, pakhoma chimthunzi chakuda bii. Mkwati wa suti yakuda ndiye wasowa, kwatsala mano okha.

Chovuta n'chiyani kulozetsa fulashiyo kudenga loyera kuti kuwala kubwerere kofewa? Mutu wakewo umatembenuka, anaupanga dala! Denga likatalika, ivekeni kachophimba koyera, kapena ichotseni pakamera muiike chapambali. Koma ayi, ati "ntchitoyi tinaiyamba kale."

Panja nakonso, dzuwa lili paliwombo, aimika banja lonse pamtetete, aliyense watsinzina, m'maso muli mdima. Apa m'pamene pafunika fulashi pang'ono yochotsa mithunziyo, koma m'pamene amaizimitsa, ati kusunga mabatire. Kusungira chiyani? Nthawi ya malumbiro, kuti aphanime mpaka abusa ataye mzere.

Mu alubamu yonse, chotuluka bwino ndi keke yokha, poti ilibe maso.