Zaka 2 zimenezo si zogona nazo tulo

Alembi, mwalemba kuti womaliza digiri ku UK amapatsidwa zaka 2 zogwira ntchito pa Graduate visa, ngati kuti basi zatheka. Chomwe simunanene n'chakuti viza imeneyi sawonjezera. Ikatha, pamafunika abwana amene ali ndi chilolezo cha boma cholembera ntchito anthu akunja, ndipo makampani ang'onoang'ono ambiri alibe. Mchemwali wanga ankayamikiridwa kwambiri pakampani ina, koma nthawi itakwana anangomuuza kuti pepani, ife za mapepalazo sitichita. Inu amene mukadali pasukulu, funsani za chilolezocho musanavomere ntchito, ngakhale malipiro akhale okoma bwanji. Komanso zaka 2 zimenezi siziwerengedwa pa zaka zofunika kwa wantchito wofuna kukhazikika konko.