Mtovu umene sauoneka pa Parthenon

Anthu akamayamikira Parthenon, nyumba yakale yopembedzeramo ya ku Athens m'dziko la Greece, amathamangira ku nsanamira zake 46 zakunja, 8 kutsogolo ndi 17 m'mbali. Ine ndimati luso lenileni la Iktinos ndi Kallikrates, omwe anaimanga kuyambira mu 447 Khristu asanabadwe, lili mkati mwa miyala, pomwe diso silifika.

Panyumbayi palibe simenti kapena matope. Nsanamira iliyonse, yotalika pafupifupi mamita 10.4, ndi miyala ya marble yobulungira yosanjikizana, yochokera kuphiri la Pentelikon. Amisiri ankasalaza m'mphepete mokha mwa mwala uliwonse, pakati n'kupasema kuti palowe pang'ono, kuti miyala iwiri igwirane bwinobwino m'mbali osasiya mpata. Pakatikati ankaikapo kachipika ka mtengo kokhala ndi msomali wamtengo kuti mwala wapamwamba ukhale pamalo ake enieni. Mizere 20 yotsika pansanamira ankaimaliza kusema nsanamira itaima kale, n'chifukwa chake imalondolozana kuchokera pamwamba mpaka pansi.

Miyala ya makoma ndi ya pamwamba pa nsanamira ankaigwirizanitsa ndi zitsulo zooneka ngati chilembo H. Apa ndiye pagona nkhani. Chitsulo chikagwira dzimbiri chimafufuma, ndipo chikafufuma mkati mwa marble chimang'amba mwala. Agiriki ankadziwa zimenezi. Ankasema dzenje lokulirapo kuposa chitsulo, n'kuthiramo mtovu wosungunuka kuti ukute chitsulo chonse. Madzi ndi mpweya sizifika, komanso mtovu ndi wofewa, umalola miyala kusuntha pang'ono chivomezi chikachitika.

Chimene chinagwetsa mbali yaikulu ya nyumbayi ndi onga umene Aturuki ankasunga mkatimo, womwe unaphulika mu 1687 asilikali a Venice ataiwombera. Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi chimene chinachitika pokonza. Nikolaos Balanos, yemwe anatsogolera ntchito yokonza pa Acropolis, phiri lomwe Parthenon inamangidwapo, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 mpaka m'ma 1930, anagwiritsa ntchito zitsulo zambiri zosakutidwa bwino ndi mtovu. Patangodutsa zaka makumi ochepa zinachita dzimbiri, miyala yomwe inapirira zaka zoposa 2,000 n'kuyamba kuthetheka.

Kuchokera mu 1975 akatswiri akhala akupasula zigawo zimenezi, kuchotsa zitsulo za Balanos chimodzichimodzi n'kuikapo za titanium zomwe sizichita dzimbiri.