Tiwaganizireko Olandira Ndalama M'masitolo Akuluakulu

Pa nthawi ya mliri wa COVID-19 panali khalidwe lomwe linafala m'masitolo akuluakulu a m'mizinda yathu, ndipo ndikuona kuti tiyenera kudzudzulana poyera. Munthu akafika pakhomo ankasamba m'manja pa ndowa ndi kukweza masiki kuti mlonda amulole kulowa, koma akangokhota kumene kuli shuga ndi mafuta ophikira, masikiwo ankatsikira pachibwano ndipo ankakhala pomwepo mpaka pofika polipira.

Tikumbukire kuti m'bindikiro wa masiku 21 womwe boma la a Peter Mutharika linalengeza mu Epulo 2020 sunachitike, chifukwa khoti lalikulu linapereka chiletso bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC litadandaula kuti boma silinakonze chothandizira osauka. Ine chigamulocho ndinagwirizana nacho, pakuti mayi wogulitsa mandasi sangadyetse ana ake atatsekeredwa m'nyumba. Komatu popeza tinasankha kuyendabe ndi kugulabe, chitetezo chinatsalira m'manja mwathu, ndipo lamulo la mu Ogasiti 2020 lovala masiki pagulu, lokhala ndi chindapusa cha K10,000, silikanatha kuyenda ndi wapolisi pambali pa wogula aliyense.

Amene ankandidetsa nkhawa kwambiri ndi mtsikana wolandira ndalama uja. Ife timalowa kwa kanthawi n'kutuluka, pamene iye amakhala pamalo amodzi tsiku lonse, m'nyumba yosapita mphepo yokwanira, akuyang'anizana ndi aliyense wobwera kudzalipira. Kachilombo ka COVID-19 kamayenda makamaka ndi timalovu totuluka popuma, polankhula ndi potsokomola, choncho kusamba m'manja pakhomo sikumuteteza iyeyo ngati inu mukumuweramira pakamwa pali poyera, mukutsutsana naye za mtengo wa sopo. Sangakuthamangitseni, sangachoke pampando, ndipo akadandaula amaoneka wamwano kwa kasitomala. Madzulo amakwera minibasi kubwerera ku Ndirande kapena ku Kawale, kumene mwina amakhala ndi agogo odwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi.

Ena ankati matendawa ndi a kunja kapena a olemera okha. Pa 12 Januwale 2021 tinataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, ndipo ngati anthu okhoza kupeza chithandizo chabwino anapita chotero, wolandira malipiro ochepa alibe pogwira akadwala.

Kugula shuga ndi buledi sikulira banja lonse, choncho mliri wotere ukabweranso, mmodzi apite atalemberatu zofunika, ana atsale kunyumba, ndipo pamzere tiime pa zizindikiro zoikidwa pansi osapumira mnzathu m'khosi. Mlonda akatikumbutsa za masiki tisamunyoze, chifukwa malamulowo sanawapange ndi iye. Eni masitolo nawonso asabisale kumbuyo kwa ndowa ya pakhomo. Kumapeto kwa mwezi, anthu akalandira malipiro, atsegule malo onse olipirira m'malo mosiya awiri okha, mzere n'kumafika kumafiriji a nyama.