Copland ndi Chávez: symphony ziwiri za mayiko oyandikana

Carlos Chávez wa ku Mexico analemba Sinfonía India, symphony (nyimbo yaitali ya gulu lalikulu la zida zoimbira), ali ku New York, ndipo inamveka koyamba pa wailesi ya CBS mu Januwale 1936. Aaron Copland wa ku America anayambira symphony yake yachitatu ku Tepoztlán, ku Mexico, mu 1944. Anali mabwenzi, aliyense analemba ali m'dziko la mnzake, koma zimene anatulutsa n'zosiyana kwambiri.

Ya Chávez ili ndi chigawo chimodzi cha mphindi pafupifupi 12. Anatenga nyimbo zenizeni za a Huichol, a Yaqui ndi a Seri, mitundu ya eni nthaka a ku Mexico, ndipo mtima wake uli pa oimba ng'oma anayi. Poyamba anafuna zida zakwawo: ng'oma ya a Yaqui, chikho choyandama pamadzi, maseche a dothi, zisekese za ziboda za gwape ndi za zikwa za agulugufe. Magulu akunja zimenezi alibe, choncho m'buku la nyimboyo losindikizidwa muli zida zolowa m'malo. Apa ndi pomwe zimasokonekera. Ng'oma ya fakitale imalira nthawi yaitali, chikho chimangoti gu n'kukhala chete. Mukapanda kutsamwitsa ng'omayo ndi nsalu, kulira kwake kumakwirira kugunda, pomwe kugundako kumasinthasintha, pena kuwerenga kasanukasanu (5/8) pena kwina. Wotsogolera akazengereza pang'ono, oimba zingwe ndi ang'oma amasiyana njira.

Ya Copland ndi ya zigawo zinayi, mphindi zoposa 40, ndipo gulu la Boston Symphony linaiimba koyamba pa 18 Okutobala 1946 motsogozedwa ndi Serge Koussevitzky. Mulibe nyimbo yamakolo yobwereka; chimene anabwereka ndi chake chomwe, Fanfare for the Common Man ya 1942, m'chigawo chomaliza. Imafuna malipenga a trumpet anayi, a horn anayi, a trombone atatu, tuba, ma harp awiri, piyano ndi celesta (kachida konga piyano kolira ngati mabelu). Vuto lake ndi milomo. Oliza malipenga akatulutsa mphamvu zonse m'chigawo chachiwiri, pofika kumapeto mawu apamwamba amasweka. Onaninso buku la nyimboyo lomwe mwabwereka: wotsogolera oimba Leonard Bernstein anadulako pang'ono kumapeto, ndipo kwa zaka zambiri ndi lodulidwalo linkayenda.

Ubale wawo ndi boma nawonso unali wosiyana. Copland analipidwa ndi thumba la Koussevitzky, osati boma. Chávez anatsogolera gulu la oimba la Orquesta Sinfónica de México kuyambira 1928, ndipo mu 1947 anakhala mkulu woyamba wa Instituto Nacional de Bellas Artes, bungwe la boma loona za luso. N'chifukwa chake wolemba nyimbo wa ku Mexico amene anayambana ndi Chávez ankasowa kolowera, pomwe ku America wokanidwa ku Boston ankatha kukagogoda ku Philadelphia.

Gulu laling'ono liyambe ndi ya Chávez. Ma trumpet ndi ma trombone imangofuna awiriawiri, koma nthawi yambiri yokonzekera ipite kwa ang'oma.