Kamtengo ka masache katilanda minda kuno, koma ku Mchinji sindinakaone m'mizere

Ine mtima ukundiwawa anthuni. Sabata yatha ndinadutsa pa boda ya Mwami kupita kwa alamu anga ku Mchinji, tinayenda m'munda mwawo kuyambira kumtunda mpaka kudimba, kamtengo kaja timamanga masache osesera pabwalo sindinakaone ngakhale kamodzi m'mizere, kanali kumsewu chabe. Ndabwerera kuno ku Chipata ndapeza thonje langa masamba apotana ngati zala za nkhuku chifukwa a neba anapopera mankhwala opha udzu a 2,4-D kuli mphepo ati akupha kamtengo komweko. Kamtengoko kali chiimire, thonje ndi lomwe lapsa.

Nonse mukukadziwa, kamafika m'chiuno kakakula bwino, masamba aatali osongoka a mano mano m'mbali, timaluwa tachikasu tating'ono ta mapiko 5, thunthu lolimba ngati waya moti ukakoka ndi manja umatuluka matuza. Azasayansi amati Sida acuta, kwawo ndi ku Central America. Ndipo ndi banja limodzi ndi thonje, therere ndi lumanda, komanso kupopera pafupi ndi thonje ndi kusewera ndi moto, thonje silipirira 2,4-D ngakhale kafungo chabe, ngakhale sipuleya yosatsukidwa bwino imaononga.

Ife a Zambia tazolowera sipuleya kwambiri. Khasu tinalipachika. Udzu ukamera timadikira mpaka ukule kenako tithamangire ku shopu, pomwe kamtengo aka kakakhwima muzu wake wapita pansi kale, mankhwala amangowaula masamba basi kamaphukanso. Ena amatchetcha ndi chikwakwa, kamaphukiranso pa chitsa ndi nthambi zambiri kuposa poyamba. Alamu anga aja amapalira kawiri ndi kubandira, banja lonse m'munda m'bandakucha, kamtengo kamazulidwa kakadali kakhanda nthaka ili yonyowa, kasanachite maluwa. Mbewu zake zikagwa ndiye mwadzipalira ntchito ya zaka, zimayenda ndi matope a m'mapazi a ng'ombe ndi matayala a ngolo.

Chabwino, ndivomere, minda ya anzathu ndi yaing'ono, anthu ndi ambiri malo ndi ochepa, munthu angathe kuipalira yonse ndi khasu. Ife ku Katete, ku Petauke, ku Lundazi uko munthu amalima mahekitala ndi ng'ombe, simungamuuze kuti azule kamodzi kamodzi. Ng'ombenso tili nazo zambiri ndipo ndi zomwe zimadya msipu mpaka dothi kuonekera nkusiya kamtengo aka chifukwa sizikakonda, ndiye kamatenga dambo lonse. Pa ng'ombe ndi pa malo sindingasinthane nawo a Malawi, Zambia ndi kwathu. Koma pa kupalira atiposa, osabisa.

Ku Australia anachita kuitanitsa kachilombo ku Mexico, Calligrapha pantherina, mu 1989 kuti kazidya masamba ake. Ife tilibe zimenezo, tili ndi manja. Chaka chino mvula ikangogwa mu Disembala ndikuzula ndi mizu m'mbali mwa munda ndi kuzungulira khola, zouma nditentha, ndipo tsache lokhala ndi mbewu sililowanso pabwalo panga. A neba nawo ndakawauza pamaso pa a mfumu kuti akafuna kupopera ayambe aona komwe mphepo ikupita, thonje langa la chaka chino andibwezera ndani?