Work, walk, zanditopetsa ine

Abale inu chizungu chidzandipha ndithu. Dzulo kuno ku Leeds ndimawauza agogo ena amene ndimawasamalira kuti mawa sindibwera ku work, iwo nkumati ukukana walk? Kubwereza katatu konse mpaka ndinachita kuwalembera pa foni. Ifetu tinakula ndi a e i o u basi, nde hat, hut ndi heart zonse zimangotuluka hati, nanga titani. Koma chondinyansa nchoti eni akewo sagwirizananso, konkuno luck ndi look amatchula chimodzimodzi, ku Glasgow pull ndi pool palibe kusiyana, koma wosekedwa ndine ndikangophonya light ndi right. Za sheet nde ndinasiyiratu, ndimangoti bedding.